Chenjezo kwa a kwathu ali ku Britain: Housing Benefit si yongoyesera

Abale athu amene muli ku Britain, tamverani. Ena mwa inu mukuika mapepala anu pachiswe chifukwa chothamangira Housing Benefit, thandizo la boma lolipirira lendi, musanafunse.

Yambani mwawerenga viza yanu. Ngati ili ndi mawu akuti "no recourse to public funds" (kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma), monga zilili kwa ophunzira ndi amene anabwera kudzasamalira okalamba, Housing Benefit ndi Universal Credit (thandizo lina la boma la anthu opeza zochepa) si zanu. Mnzanu wa ku tchalitchi amene akuti "ingoyeserani" sadzakhalapo tsiku limene a Home Office adzakufunseni powonjezera viza.

Inu amene muli ndi ufulu wolandira, khonsolo masiku ano imalandira mapempho atsopano a Housing Benefit kuchokera kwa anthu okhawo ofika msinkhu wa penshoni ya boma, kapena okhala m'nyumba zongoyembekezera ndi zokhala ndi owasamalira. Otsala nonse, lendi yanu imadzera ku Universal Credit.

Fomu yosasaina kapena yodumpha mafunso saiyesa pempho lathunthu. Amakupatsani mwezi umodzi kuti muikonze ndi kupereka umboni: chiphaso, nambala ya National Insurance yanu ndi ya amuna kapena akazi anu, pangano la lendi, mapepala a malipiro ndi a ku banki. Kalata yawo mwaiponya pamwamba pa filiji ija, masiku akuwerengedwa kumene. Kukulipirani thandizoli pa nthawi ya m'mbuyo musanapemphe kumathera pa miyezi 3 kwa apenshoni, ndipo kwa ena ndi mwezi umodzi basi, utakhala ndi chifukwa chomveka.

Chuma choposa £16,000 chimakulepheretsani, pokhapokha mukulandira Guarantee Credit, ndalama yowonjezera ya apenshoni opeza zochepa. Apa m'pamene ambiri mukunama. Nyumba mwamanga ku Area 25 ija, kapena malo munagula ku Chileka, ndi chuma ndithu ngakhale zili kutali. Lembani. Komanso lendi yolipira mwana wanu kapena mchimwene wanu amene mukukhala naye nyumba imodzi saivomera.

Za maulendo akumudzi: mukatuluka m'dzikomo kupitirira masabata 4, kawirikawiri thandizo limaima. Pa maliro a wachibale wapafupi angalole mpaka masabata 8, koma muwadziwitse. Munthu wamkulu akabwera kudzakhala nanu, kapena malipiro akakwera, auzeninso msanga. Ndalama zimene analipira mopyola amazitenganso, ndipo akaona kuti munabisa dala, mlandu wake ndi wachinyengo.