Cumbia ya ku Mexico si yongotsanzira

Pali anthu amene amati cumbia, mtundu wa nyimbo zovina, yeniyeni ndi ya ku Colombia basi, ya ku Mexico n'njongotsanzira. Ine ndikukana. N'zoona kuti inabadwira kugombe la Caribbean ku Colombia, m'madera a mtsinje wa Magdalena, ikuimbidwa ndi zitoliro za gaita ndi ng'oma zitatu: tambora, alegre ndi llamador. Koma chifikireni ku Mexico m'zaka za m'ma 1940, pamene Luis Carlos Meyer wa ku Barranquilla anajambula nyimbo ndi gulu la Rafael de Paz, dera lililonse laiumba mwanjira yake.

Mike Laure wa ku Jalisco, yemwe anayambira ku rock and roll, analowetsamo gitala yamagetsi m'ma 1960. Rigo Tovar wa ku Matamoros anabwera ndi kiyibodi m'ma 1970. Magulu a norteña, nyimbo za kumpoto kwa Mexico, amaiimba ndi akodiyoni ya mabatani ndi bajo sexto, gitala ya nsambo 12. Ku Mexico City mwini bwalo ndi sonidero, munthu wa masipika akuluakulu ngati Ramón Rojo wa Sonido La Changa ku Tepito, amene amalankhula nyimbo ili mkati, akuwerenga moni wolembedwa ndi ovina pa timapepala.

Onsewa chimene sanachisiye ndi msana wa nyimbo. Werengani 1, 2, 3, 4. Güiro, chida cha mizeremizere chimene amachikwecha ndi kamtengo kapena mawaya, imapita kamodzi motalika, kawiri mwachidule. Besi imagunda pa 1, kupuma pa 2, n'kugundanso pa 3 ndi 4. Piyano kapena gitala imadula pa 2 ndi pa 4, malo amene llamador imagwira ku Colombia. Woimba besi akadzaza pa 2 paja, nyimbo imasanduka ya perete, chiuno cha wovina n'kusowa popumira. Wa güiro akatopa mkono amayamba kuthamangitsa tiwiri tachidule tija, gulu lonse n'kumutsatira osadziwa.

Koma umboni wanga waukulu uli ku Monterrey, mzinda wa kumpoto kwa Mexico, mu cumbia rebajada, yochedwetsedwa dala. Inakulira ku Colonia Independencia, kumene anthu osauka a m'mphepete mwa phiri ankakonda mbale za oimba akodiyoni a ku Colombia monga Andrés Landero. Nkhani yodziwika kumeneko imati makina oyendetsa mbale a Gabriel Dueñez wa Sonido Dueñez anatentha pa dansi n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono, ovina n'kukonda zomwezo. Kenako anayamba kuzijambula choncho pa makaseti. Ndi mumzinda womwewu mmene munatuluka Celso Piña, yemwe anamwalira mu 2019 atafikitsa akodiyoni ya ku Monterrey kumaiko ambiri.

Apa ndiye pamene ma DJ ambiri a masiku ano amalakwitsa, ndipo zimandipweteka mtima. Rebajada si kuchepetsa liwiro kokha. Mbale ikazungulira pang'onopang'ono, mawu nawo amatsika: woimba amamveka ngati wakalamba pomwepo, akodiyoni imabuula, ng'oma zimanenepa. Kukoma kwake kuli pamenepo. Mapulogalamu a pa kompyuta ali ndi batani la key lock kapena master tempo limene limagwira mawu kuti asatsike. Mukalisiya loyatsa, mupeza nyimbo yaulesi ya mawu opyapyala, ndipo güiro imamveka yophwanyikaphwanyika chifukwa pulogalamu ikuikoka kuti itseke mipata. Lizimitseni kaye.

Masamu ake ndi awa. Mukachepetsa liwiro ndi 6 peresenti, mawu amatsika pafupifupi ndi semitone imodzi, kusiyana kwa makiyi awiri oyandikana pa piyano. Technics SL-1200 yakale, makina oyendetsa mbale, imalola 8 peresenti yokha, choncho imangofewetsa nyimbo pang'ono. Mbale yoyenera kuzungulira ka 45 pa mphindi mukaiika pa 33, liwiro limatsika ndi 26 peresenti, mawu ndi masemitone pafupifupi 5, ndipo nyimbo ya 100 BPM (kugunda ka 100 pa mphindi) imafika pa 74. Kwa ine amenewo ndiye malire. Mukapitirira, mawu a woimba samvekanso ndipo mapazi a ovina amayembekezera nthawi yaitali.

Musaiwalenso besi. Pa liwiro limenelo, noti ya 55 Hz (kunjenjemera ka 55 pa sekondi) imagwera cha pa 41 Hz, pamene masipika ang'onoang'ono satulutsa mawu, amangonjenjemera n'kumalira ngati ang'ambika. Ngati mulibe subwoofer, sipika ya mawu apansi kwambiri, chepetsani mawu apansi pang'ono m'malo mowakweza. Apamwamba muwaonjezere pang'ono, chifukwa güiro imafooka ikachedwetsedwa, ndipo ndi imene wovina amatsatira.

Si nyimbo iliyonse imene imalola. Zimene zimachedwetseka bwino ndi za zida zochepa: akodiyoni, besi, ng'oma ndi chokwecha, monga mbale zina zakale za Discos Fuentes, kampani yojambula nyimbo ya ku Colombia. Za malipenga ambiri ndi makiyibodi osanjikizana, ngati za Los Ángeles Azules a ku Iztapalapa, zinapangidwira liwiro lawolawo ndi mawu otsetsereka achikondi. Mukazitsitsa kwambiri, zida zimaunjikana pansi, osasiyanitsanso lipenga ndi kiyibodi. Zoterozo muziimbe mmene anazijambulira, kapena muzitsitse osapitirira semitone imodzi.