Achemwali anga si aulesi, akudwala

Ndayesetsa kukhala chete kuyambira Loweruka koma zandikanika, mtima ukundiwawabe mpaka pano ndiye ndingolankhula basi, wokwiya akwiye.

Tinali pa chinkhoswe cha msuweni wathu, mapoto ali pamoto kuseri kwa nyumba monga mmene zimakhalira. Achemwali anga anafika mochedwerapo atavala malaya a manja atali ngakhale kunja kunali kotentha chonchija, anakhala pa kampando pafupi ndi amayi ophika nkumasankha mpunga pang'onopang'ono. Nthawi yovundula nsima itakwana mayi wina, wachibale ndithu osati mlendo, anawapatsa mthiko. Achemwali anati pepani amayi manja angawa sangathe. Mayi aja anaseka nkuyankhula mokweza kuti aliyense amve, ati "a m'tauni awa, pakudya manja amagwira koma pa mthiko ndiye nyamakazi, mwana wadzana ngati iwe nyamakazi waitenga kuti?" Anthu nkuseka. Pogawa chakudya ndinaona ndi maso angawa kamtsikana kakuuzidwa kuti achemwali awapatse mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo chifukwa cha zigamba zimene zimaoneka pakhosi ndi m'mphepete mwa tsitsi zija. Achemwali sanadye. Anangoti ndapita kukaona ana, ndinakawapeza pa siteji akulira.

Achemwali anga si aulesi. Ndibwerezenso, si aulesi. Yunifolomu imene mayi munavala tsiku lija, imene munajambulitsa nayo zithunzi nkuika pa Facebook, anasoka ndi iwowo. Ndi telala, ndipo masiku ano kugwira sizasi kudula nsalu imodzi amapumira kawiri katatu, chala chapakati chatupa chonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga ngati soseji moti mphete anaivula kalekale. Anasoka madiresi onse aja usiku akuluma mano kuti chinkhoswe chisanyozeke, inu nkudzawatcha aulesi chifukwa cha mthiko umodzi?

Matendawa ali ndi dzina, madokotala amati psoriatic arthritis, nyamakazi imene imabwera ndi nthenda ya pakhungu yotchedwa psoriasis. Chitetezo cha mthupi chimasokonekera nkuyamba kulimbana ndi khungu komanso molumikizana mafupa, kwa ena zimayenda kumtundu, basi ndi zomwezo. Si khate, si mphere, si chipere. Sapatsirana. Mutha kudyera nawo mbale imodzi, kumwera kapu imodzi, kugona mphasa imodzi, ine ndakhala ndikuwapaka mafuta kumsana ndi manja angawa zaka ndi zaka ndipo khungu langa lili bwinobwino. Ana awo amawakumbatira tsiku ndi tsiku alibe kanthu. Ndiye kapu yawoyawo inali ya chani?

Ndipo izi zoti nyamakazi ndi ya agogo okha muzisiye. Mwa anthu 10 amene ali ndi psoriasis, pafupifupi 3 amadzayamba kumva kuwawa m'mafupa, ndipo nthawi zambiri zimayamba munthu ali pakati pa zaka 30 ndi 50, nthawi imene akulera ana, akufunafuna fizi, aliyense akumudalira. Achemwali zigamba zinawayamba ali ndi zaka 25, tonse tinkati ndi sopo kapena mafuta a tsitsi, mafupa anadzayamba patatha zaka zambiri. Pano ali ndi 36. Mwana wadzana amene mukunenayo ndi msinkhu wake weniweni wa matendawa.

Ali dere n'kulinga utayenda naye. Inu munawaona maola atatu atadzola bwino, atavala duku, akumwetulira. Ine ndimawaona mmawa. Akadzuka thupi lonse limakhala louma ngati nkhuni, pamatenga mwina ola lathunthu kuti zala ziyambe kupindika, mabatani a yunifolomu ya mwana wamng'ono amamanga ndi mkulu wake, chotsekera cha botolo la mafuta ophikira amachita kuitana munthu kuti atsegule. Akaponda pansi chidendene chimabaya ngati aponda msomali. Zikhadabo zili ndi timaenje ting'onoting'ono, zina zikuchita kunyamuka. Ndiye pali kutopa, kutopa koti munthu wagona usiku wonse koma wadzuka ngati walima ekala, kumeneku ndiye palibe amene amakukhulupirira chifukwa sikuoneka. Bala la pamwendo mumalimvera chisoni chifukwa magazi mukuwaona, koma ululu wa mkati mwa fupa mukufuna umboni wanji, akuwe pagulu kuti mukhutire?

Ena mumati koma akunenepa bwanji ngati akudwala. Eee akunenepa, munthu amene kale ankayenda wapansi kupita kumsika ndi kubwera pano akayenda pang'ono mawondo atupa, mukuganiza kuti thupi litani? Ndipo kunenepako si chizindikiro cha mtendere ayi, adokotala anawauza kuti kulemera kumawonjezera ululu, komanso kuti anthu a matendawa BP, shuga ndi matenda a mtima zimawapeza msanga kusiyana ndi ena, ndiye aziyezetsa pafupipafupi. Munthu akulimbana ndi zonsezi mmutu mwake inu nkumamuwerengera mitanda ya nsima.

Mankhwala akumwa. Amamwa methotrexate kamodzi pa sabata, tsiku lina folic acid, ndipo tsiku lotsatira akamwa methotrexate amakhala ndi mseru kutsekula poto wa ndiwo osafuna. Amayenera kuyezetsa magazi kuti aone ngati chiwindi chili bwino, mowa ndi woletsedwa, mimba ndi yoletsedwa uli pa mankhwala amenewa chifukwa amawononga mwana, ndiye inu azakhali amene mumafunsa pa mwambo uliwonse kuti wachitatu abwera liti dziwani kuti mumabaya pabala. Matendawa satheratu, amangogona nkudzukanso. Sabata ino mutha kuwaona akuchapa, akuseka, sabata yamawa ali pabedi, sikuti akusankha masiku odwala malinga ndi ntchito imene ilipo. Si chinyengo. Si kudzimva. Si matama a m'tauni. Akudwala.

Chimene chikundipweteka kwambiri nchoti mawu ngati amenewa ndi amene amatsekera munthu mnyumba. Achemwali anasiya kupita ku kwaya chifukwa wina anasuntha pa benchi. Anasiya kupita ku saluni chifukwa womanga tsitsi anaona makoko a mmutu nkuitana anzake kuti adzaone. Pa khungu lathu lakudali zigamba zake sizifiira ngati pa zithunzi za azungu, zimada kapena kutuwa, ndiye aliyense amasanduka dokotala, uyu ati ndi kachilombo, uyu ati anadzola zoyeretsa. Anayezetsa, alibe, ndipo akanakhala nako ndiye bwanji, mukanawapatsanso kapu yawoyawo? Zinatitengera miyezi kuwanyengerera kuti abwere ku chinkhoswe chimenechi, anavomera chifukwa msuweniyo anamulera okha. Pano akuti ku ukwati sapita. Mwakondwa? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2014 kuti psoriasis ndi nthenda yaikulu yosapatsirana ndipo 29 October chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira nthendayi padziko lonse, koma kwathu kuno munthu akuchita kubisa mikono kotentha kuopa pakamwa pa abale ake omwe.

Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Thupi ili silipangana ndi munthu, mayi inu amene mukunyadira mthiko lero.

Komanso inu amene mwayamba kale kunditumizira mauthenga kuti achemwali anawatchera nyamakazi, anaponda mankhwala pakhomo pa shopu, tipite nawo kwakutikwakuti, tasiyeni. Tinapita kale. Anawatema mphini m'mawondo ndi m'zigongono, pamene anatemapo mpamene panadzatuluka zigamba zatsopano chifukwa khungu la psoriasis likavulala limachita zimenezo, mbuzi inapita, ndalama zinapita, zaka ziwiri zinatayika chala chikupindika, ndipo chala chikapindika chapindika sichiwongokanso. Ndi inunso ogulitsa timabotolo m'magulu a WhatsApp, botolo limodzi lomwelo ati lichiza shuga, BP, nyamakazi, kusabereka, mukuuza munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala amwe zanuzo pa mtengo woposa lendi ya nyumba. Wina wandiimbira dzulo usiku kawiri konse, nambala yanga anakupatsani ndani?