CFTC yapatsidwa mano, koma iluma ndani?

Anthu amakonda kunena kuti bungwe la CFTC (Competition and Fair Trading Commission), loona kuti malonda azichitika mwachilungamo m'Malawi, ndi galu wopanda mano. Kwa zaka zambiri ankanena zoona, koma cholakwika chachikulu chinali m'lamulo lenilenilo. Lamulo la 1998 linkatchula chindapusa cha K500,000, kapena ndalama zofanana ndi zomwe munthu wapindula pa chinyengocho. Kampani yaikulu ingatulutse K500,000 bwana wake osamva n'komwe. Mu 2021 bungweli linayesa kulimba mtima, n'kulamula Airtel kuti ilipire K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe. Mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo lija silinkapatsa bungweli mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa. Zinathera pomwepo.

Lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito mu July 2024, ndipo tsopano kampani itha kulipira mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe yalowetsa pachaka. Zonse, osati phindu lokha. Apa ndiye eni makampani ayamba kumva kuwawa.

Nkhawa yanga ili pa amene azigwidwa. Kugwira wagolosale yemwe sanalembe mtengo, kapena wagulitsa chinthu chomwe masiku ake adatha, n'kosavuta, ndipo a CFTC achite ndithu. Nthawi ija shuga ankasowa, pa holoselo ina ankati ukafuna belo la shuga ugulenso katoni ya sopo yomwe sunabwerere. Zimenezo aliyense amaziona ndi maso. Koma kuba kwenikweni kumachitika pamene makampani atatu kapena anayi, omwe amayenera kumalimbirana makasitomala, agwirizana mtengo mwamseri. Ukayenda shopu ndi shopu mtengo ndi umodzimodzi, wakwera sabata yomweyo, aliyense akuloza dola. Mwina n'dola ndithu, mwinanso ayi. Wogula angadziwe bwanji?

A ku South Africa anagwira makampani a buledi omwe ankagwirizana mtengo, chifukwa mmodzi wa iwo, Premier Foods, anaulula anzake atalonjezedwa kuti salipira chindapusa. Kampani ina mwa iwo, Tiger Brands, inalipira pafupifupi R99 miliyoni mu 2007. Umboni wa zoterezi sungaupeze pashelefu, umachokera m'kati, kwa munthu amene analipo pokambirana.

Ndiye a CFTC, tikufuna timve mlandu wa mtundu umenewo pa simenti, mafuta ophikira kapena feteleza. Ndipo mukalanga kampani, tiuzeni poyera ngati ndalamazo zalowadi, komanso ngati amene anaberedwa abwezeredwa kanthu.