Tisanaitane ma investor ku Mzuzu, tikonze kaye nkhani ya mapuloti

Abale anga a ku Mzuzu, chaka chilichonse timamva kuti kwachitika msonkhano wokopa anthu a ndalama kuti abwere kudzakhazikitsa bizinesi mumzinda muno. Akuluakulu amasonkhana ku hotela, amayankhula bwino, amajambulitsa, ife n'kumaona zithunzizo pa Facebook. Sindikutsutsa misonkhanoyo. Koma maganizo anga ndi akuti munthu wofuna kumanga fakitale akangotuluka muholomo amafunsa funso limodzi lokha: malo ali kuti, ndipo mwini wake ndani? Funso limeneli ku Mzuzu kuno silophweka kuyankha, ndipo tikapanda kulikonza zina zonsezi n'kungotaya nthawi.

Tisaiwale kuti mzinda uno unayamba ndi investor. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kampani ya boma la Britain, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti Commonwealth Development Corporation, inayamba kuyendetsa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mbewu zake amayengera mafuta, anthu n'kuyamba kubwera kudzagwira ntchito. Tung uja anatha, koma anthu anatsala. Mu 1985 Mzuzu inakhala mzinda, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali titadutsa 220,000. Mzuni inatsegula zitseko mu 1999, chipatala chachikulu n'kutsatira mu 2000. Anthu akubwerabe kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ngakhalenso kumwera. Vuto ndi loti anthu afika msanga kuposa oyeza malo. Pitani ku Mchengautuwa, ku Chibavi, ku Masasa kapena ku Ching'ambo mukaone: nyumba zinayamba kumangidwa, msewu n'kumadzafuna podutsa pambuyo pake.

Ndiye tsopano taganizirani munthu amene ali ndi ndalama zake, kaya ndi Mmalawi kaya ndi wakunja, akufuna mahekitala asanu oti amangepo nyumba zosungiramo katundu. Malo a mumzinda muno ali ndi eni ake angapo. Ena ali m'manja mwa khonsolo, ena ndi a Unduna wa Zamalo, ena ndi a Malawi Housing Corporation, ndipo m'mphepete mwa mzinda muli malo amene mafumu ndi mabanja amati ndi a makolo awo kuyambira kalekale mzinda usanafikeko. Aliyense wa amenewa ali ndi zifukwa zake zomveka. Koma mlendo uja sadziwa kuti ayambire khomo liti. Akamazungulira, amakumana ndi dobadoba yemwe amamulonjeza kuti zonse zitheka mwachangu. Amalipira. Akathira mchenga ndi miyala pamalopo, pamatulukira munthu wina ali ndi pepala lakenso, lodinda bwinobwino. Nkhani imathera kukhoti, ndipo milandu ya malo tonse tikudziwa mmene imachedwera.

Apa pali chinthu chimene ambiri sitichiganizira. Anthu omanga zinthu zikuluzikulu samanga ndi ndalama za m'thumba zokha, amakongola ku banki. Banki nayo siipereka ngongole yaikulu popanda chikole, ndipo chikole chimene imachikhulupirira ndi title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, yopanda mkangano. Kalata ya amfumu kapena chipangano cholemba pamanja pamaso pa mboni ziwiri, banki siizilandira. Choncho puloti yopanda mapepala enieni imapha ntchito isanabadwe n'komwe. Munthuyo sakwiya, sakalankhulanso pa wailesi. Amangonyamuka mwakachetechete n'kukamanga ku Lilongwe kapena ku Mbeya, ife osadziwa kuti tataya chiyani.

Wina anena kuti ndiye tingowapatsa malo paliponse pomwe afuna. Ayi. Amene tinalipo mu Epulo 2016 tikukumbuka mvula ija imene inagwetsa nyumba zambiri ndi kusiya mabanja m'makampu. Mzuzu ndi mzinda wa mvula yambiri, wa zitunda ndi madambo. Kumanga m'dambo kapena kudula phiri popanda ngalande ndiko kuitana tsoka, ndipo amene amavutika ndi osauka okhala kumunsi. Womanga wabwino saopa malamulo a kamangidwe. Chimene amaopa ndi malamulo osintha malinga ndi amene wakumana naye tsiku limenelo.

Palinso funso lina lomwe timachita nalo manyazi: kodi tikufuna investor wamtundu wanji? Shoprite itatsegulidwa kuno mu 2013 tinasangalala, ndipo kunena zoona mzinda unaoneka bwino, achinyamata ena anapeza ntchito. Koma sitolo ntchito yake n'kugulitsa, ndipo zambiri zimene zimakhala m'mashelefu a masitolo athu zimachokera kutali. Ndalama ikalowa m'mawa, madzulo yanyamuka. Tikadzaza mzinda ndi masitolo, malo omwetsera mafuta ndi malo ogona alendo okhaokha, tidzakhala ndi nyumba zokongola koma anthu ake ali pa kabaza.

Imani m'mbali mwa msewu wa M1 kwa ola limodzi muone zimene zimadutsa. Mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Mathiraki a malasha ochokera ku Rumphi. Mpunga wa kilombero wa ku Karonga. Ndipo kwa zaka zambiri takhala tikuona matabwa a ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000, akutuluka ali osapala n'komwe, kenako ife n'kumagula mipando ndi makabati ochokera kunja pamtengo wokwera. Mzinda uno uli ngati munthu wokhala pafupi ndi chigayo amene amangoona matumba a anzake akudutsa, iye n'kumagona ndi njala. Raiply ku Chikangawa inaonetsa kuti mtengo ungasanduke katundu wamtengo wapatali konkuno. A Mzuzu Coffee, omwe ndi mgwirizano wa alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku, Phoka, Viphya ndi Nkhata Bay, anaonetsanso kuti dzina la mzinda uno lingafike m'masitolo a kunja. Mafakitale otere ndi amene tiyenera kuwasungira malo abwino kwambiri, ndipo ndi amene amafuna malo aakulu, a mapepala oyera, oti banki iwakhulupirire.

Za magetsi ndi madzi sinditalikitsa, aliyense akuzidziwa. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali kuti afike kuno. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, kuthimathima kunatipweteka tonse. Wovwe ku Karonga ndi yaing'ono. Damu la Lunyangwa nalo linamangidwa mzinda uli wochepa kuposa lero. Izi khonsolo singazithetse yokha. Koma nkhani ya malo ndi imene ili pafupi ndi manja athu, siifuna ngongole ya mabiliyoni ochokera kunja, imangofuna kuti maofesi okhudzidwa akhale pansi pamodzi ndi mafumu n'kugwirizana.

Takhala tikumva za malo a mafakitale ku Dunduzu amene boma linawatchula pamodzi ndi a ku Area 55 ku Lilongwe ndi a ku Matindi ku Blantyre. Ganizolo ndi labwino. Ine ndidzakhulupirira tsiku limene ndidzaone msewu wa phula ukulowa mkati, thiransifoma itaima, mpope ukutuluka madzi, ndi chikwangwani cholembedwa kuti puloti iyi ndi yakutiyakuti, mtengo wake ndi uwu. Komanso eni malo akale atalandira chipukuta misozi chawo mokwanira ndi pa nthawi yake, chifukwa fakitale yomangidwa pa madandaulo a anthu siikhala pamtendere. Luwinga, dera lathu lakale la mafakitale, inatithandiza nthawi yake, koma lero yazingidwa ndi nyumba za anthu. Bwalo la ndege lomwe lili pakati penipeni pa mzinda ndi nkhani inanso, tidzaikamba tsiku lina.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti tikamati investor timaganiza za mzungu kapena Mtchaina wotsika ndege. Nanga amayi a mu msika wa Taifa amene akhala akupita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam kwa zaka zambiri, ena mpaka anamanga nyumba za lendi? Nanga akalipentala ndi owotcherera zitsulo amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, mvula ikabwera n'kuweruka? Nanga abale athu a ku Mzimba ndi Nkhata Bay amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, omwe amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi? Ambiri mwa amenewa amangomanga nyumba zogonamo, osati chifukwa chosowa nzeru za bizinesi, koma chifukwa amaopa kuberedwa ali kutali. Atadziwa kuti pali mapuloti ang'onoang'ono a mashopu ndi mafakitale, oyezedwa kale, olipira pang'onopang'ono, mapepala ake otuluka popanda kudyetsa munthu, ndalama zambiri zikanabwera popanda msonkhano wa ku hotela. Ndipo ana athu omaliza maphunziro ku Mzuni, ku Unilia ndi ku Mzuzu Technical sakanamakwera basi ya ku Lilongwe tsiku lotsatira atangovula gauni.

Ena amati njira yake n'kuchotsera makampani msonkho. Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Khonsolo ikusowa kale ndalama zotolera zinyalala ndi kukonza misewu ya m'makwalala yomwe imasanduka matope dzinja lililonse. Wamalonda weniweni amalolera kulipira msonkho ngati akuona kuti thiraki yake ifika pakhomo la fakitale mu Febuluwale osatitimira.

Ndiye pempho langa kwa makhansala ndi aphungu athu ndi ili. Pakhale ofesi imodzi yomwe munthu angalowe n'kuona mapu a malo onse opanda munthu mumzinda muno, ndi dzina la bungwe lomwe ndi mwini wake. Mndandanda wa mapuloti ogulitsa ndi mitengo yake uzimatidwa pa bolodi ndi kuikidwa pa intaneti kuti ngakhale amene ali ku Joni awuone. Wofunsira puloti aziuzidwa kuti yankho adzalandira pakatha masiku angati. Amene anapatsidwa malo a fakitale zaka zapitazo n'kungowatchinga ndi mpanda kudikira kuti mtengo ukwere, alandidwe motsatira lamulo, apatsidwe ofuna kumanga. Ngati pali khansala amene akuwerenga izi, atiuze pano kuti mwa zinayi zimenezi chovuta n'chiti, ndipo chikuvutira pa ofesi ya ndani.