Mtulo wa Goguryeo sunali ukapolo

A mlembi, mwanena kuti Goguryeo, ufumu wakale wa ku Korea, inali pansi pa China chifukwa mafumu ake ankatumiza mtulo kumeneko. Apa ndiye sindikugwirizana nanu. Mfumu Jangsu, imene inalamulira kuyambira 413 mpaka 491, inkatumiza nthumwi ku Northern Wei, ufumu wa kumpoto kwa China, komanso ku maufumu a kumwera kwa China, pomwe mbali ziwirizo zinali pa chidani. Ndi kapolo uti angagwadire ambuye awiri odana n'kumagona tulo? Ankawanyengerera onse kuti asamuukire, kwinaku akusamutsira likulu lake ku Pyongyang mu 427.

Chimene mwachisiya ndi mwala wa Gwanggaeto, umene Jangsu anaimika mu 414 pokumbukira bambo ake, mfumu Gwanggaeto. Ulipobe mumzinda wa Ji'an ku China, wautali kupitirira mamita 6, wolembedwa mbali zonse zinayi. Umayamba n'kunena kuti woyambitsa ufumuwo anali mwana wa Mfumu ya Kumwamba, ndipo mayi ake anali mwana wa mulungu wa mtsinje. Zaka za ulamuliro wa Gwanggaeto zikuwerengedwa ndi dzina lawolawo, Yeongnak, osati la mfumu ya ku China. Baekje ndi Silla, maufumu ena a ku Korea, akutchulidwa ngati anthu a pansi pa Goguryeo oyenera kubweretsa mtulo.

Anzanga owerenga, taonaninso mwala wina wa Goguryeo, wa ku Chungju ku South Korea. Pamenepo anthu a Silla akutchedwa Dongyi, dzina lomwe Atchaina ankatchulira mitundu ya kum'mawa imene ankaiona ngati yotsalira. Ndipo ufumu wa Sui wa ku China utabwera ndi nkhondo ku Goguryeo mu 612, asilikali ake anakathera pa mtsinje wa Salsu.