Gombe la kumpoto kwa Labrador lili ndi eni ake

Nkhani yanu ya ulendo wa pangalawa yoyenda ndi mphepo kuchokera ku mudzi wa Nain mpaka ku Saglek, pagombe la chigawo cha Labrador m'dziko la Canada, yandigwira mtima, koma sindikugwirizana nanu pamene mwati gombeli ndi chipululu chopanda mwini. N'zoona kuti munthu akangopitirira Nain sapezanso mudzi wokhalamo anthu chaka chonse, ndipo woponya nangula kumeneko amagona khutu lili kunja chifukwa cha chifunga, zibuma za madzi oundana zoyandama ndiponso zimbalangondo zoyera. Komatu ku Hebron, mudzi wakale wa pagombeli komwe mwati munagonako, kunali kwawo kwa anthu a mtundu wa Inuit mpaka 1959 pamene anawasamutsa mowakakamiza, ndipo tchalitchi cha amishonale a mpingo wa Moravian chidakalipo pafupi ndi manda a makolo awo. Zandiwawa kuti anthu amenewa simunawatchule n'komwe.