Mowa wa m'chitini si masese, musaufulule chimasese

Abale anga a kuno ku Harare, nkhani yofulula mowa pakhomo kuchokera m'chitini yayamba kumveka pakati pathu, ndipo anthu agawikana pawiri. Akuluakulu akuti ndi ulesi: chimera sunanyike, sunasinje, phala sunaphike, ndiye wafulula chiyani? Anyamata akuti ndi njira yolederera motchipa. Ine sindili mbali iliyonse pa ziwirizi. Koma amene ndikufuna kulankhula nanu kwenikweni ndinu amene mwaitanitsa kale chitini chanu ku Joni, mukungodikira kuti basi iwoloke pa Beitbridge.

Tiyambe tadziwa chomwe chili m'chitinimo, poti ena akuyesa ndi mowa wongosungunula ngati Mazoe. Titenge cha Coopers, kampani ya ku Adelaide ku Australia, chomwe ndi chodziwika kwambiri. Chimalemera makilogalamu 1.7 ndipo chimatulutsa malita 23. M'kati mwake muli madzi a chimera cha barele, ophikidwa kale pamodzi ndi hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo), ophweretsedwa mpaka kukhuthala, oderako, omata m'manja. Kunsi kwa chivindikiro cha pulasitiki kumakhala kapaketi ka yisiti. Mowa mulibemo ndi dontho lomwe. Inu mumakhuthulira zimenezi m'ndowa, n'kuthira kilogalamu imodzi ya shuga ndi malita awiri a madzi otentha, n'kutakasa, n'kudzaza madzi ozizira mpaka pa mzere wa 23, n'kuwaza yisiti pamwamba, n'kutseka. Ntchito ya tsiku loyamba yathera pomwepo.

Amalume anga ku Mufakose akamati kumeneku si kufulula, ndimawamvetsa. Zoonadi ntchito yolemetsa anakugwirirani kale a kufakitale. Koma amalume, taganizani. Wofulula kuyambira ku njere amayenera kuwiritsa malita oposa 25 kwa ola lathunthu. Magetsi athu ano obwera usiku anthu tili mtulo, gasi wogula pa kilo ndi madola, ndani wongoyamba kumene angalimbe? Angasiyire panjira mowa asanaulawe. Chitini chimamuchotsera moto ndi mphika waukulu, n'kumusiyira ukhondo, kutentha ndi kudikira. Ndipo mowa umakomera kapena kuwonongekera pa zitatu zomwezo.

Apa ndi pomwe ife ana a Amalawi tili pa mpanipani kuposa munthu amene sanaonepo mowa ukufululidwa. Ife tinakulira pambali pa mbiya. Makolo athu atabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, luso lofulula anabwera nalo, ndipo mpaka lero pa chikumbutso cha malemu kapena pomwe patuluke gule, kaya ndi ku Epworth kaya ku Dzivarasekwa, masese sasowa. Tikudziwa momwe zimayendera. Chimera cha mapira kapena mawere, phala lisiyidwe lisase, lidzaphikidwenso, lithiridwe chimera china, lisefedwe. Kusasako ndi dala, ndiko kukoma kwake. Mbiya yofululira saikwecha mpaka kuyera, chifukwa mphamvu yowiritsa mowa wotsatira imatsalira m'zipupa zake. Agogo amavundukula m'mawa uliwonse, kuvundula ndi mthiko, kutunga pang'ono ndi chipanda, kulawa, kubwezera chotsalacho momwemo. Palibe cholakwika pamenepo, chifukwa masese amamwedwa akadali kuwira, m'masiku ochepa, asanapitirire kusasa. N'chifukwa chake ngakhale Chibuku cha m'paketi chimakhala ndi kabowo pamwamba kotulukira mpweya.

Chilichonse chomwe ndatchulachi chimapha mowa wa m'chitini. Uwu umakhala m'ndowa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako m'botolo masabata ena awiri kapena kuposera. Tizilombo tosaoneka ndi maso tosasitsa mowa, tomwe pa masese ndi abwenzi, kuno tikalowa timapeza nthawi yokwanira kuti tisasitse malita 23 onse ngati viniga. Ndiye mthiko wa nsima usayandikire, mtengo umasunga zambiri m'ming'alu mwake. Chipanda chikhale uko. Ndowa ikhale yatsopano, ya pulasitiki yosungira zakudya, ya malita 25 kapena 30, osati yomwe inasungapo penti, mafuta ophikira kapena matemba. Musaikweche ndi sitiliwulu, chifukwa mikwingwirima yomwe imatsala ndi mobisala tizilombo. Ndipo mukatseka, mwatseka. Mlamu akabwera n'kunena kuti tavundukulani tione ngati ukuwira, muuzeni asuzumire kachipangizo kotulutsira mpweya kali pa chivindikiroko, komwe amati airlock. Kakangoti phu, phu, ndiye kuti yisiti ili pa ntchito. Kakakhala chete musathamangire kutaya mtima, nthawi zambiri mpweya umakhala ukuthawira m'mphepete mwa chivindikiro. Thovu lomwe likuonekera m'mbali mwa ndowa likuuzani zoona.

Kutsuka ndi sopo ndi ntchito ina, kupha tizilombo ndi inanso, ndipo zonse zichitike pa chilichonse chokhudza mowawo, ngakhale chotsegulira chitini. Amene angapeze mankhwala ophera tizilombo otchedwa Star San apeza chabwino, poti safuna kutsukuluza. Sodium metabisulphite nayenso amathandiza. Jik wopanda fungo lonunkhiritsa amagwira ntchito, koma pang'ono chabe, ndipo mutsukuluze bwinobwino ndi madzi owiritsa, chifukwa klorini akatsalira mowa umamveka fungo la kuchipatala.

Klorini yemweyo ali m'madzi a pampopi. Madzi a mumzinda uno amachokera ku Lake Chivero ndi ku Manyame, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, ndipo mankhwala amenewa amayenera kukhalamo kuti atiteteze. Koma mowa sagwirizana nawo. Theka la piritsi la mankhwala lotchedwa Campden limakwana kuchotsa klorini m'malita 23, mwinanso n'kutsala. Ambirife timadalira mijigo ndi zitsime, komwe vuto silikhala klorini. Tikukumbukira kolera wa 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro. Mowa wa m'chitini suphikidwanso, madzi ozizira aja amalowa momwe alili. Ngati ndi madzi oti simungamwetse mwana osawiritsa, musafululire. Gulani osefedwa a m'zigubu, kapena muwiritse dzulo lake n'kuwasiya azizire ali ovindikira.

Nkhani ya kutentha ndiye ndikufuna muimvetsetse, chifukwa pepala lobwera ndi chitini silidziwa kuti mumakhala m'nyumba ya malata ku Mbare. Yisiti ya m'zitini zambiri imachita bwino pa madigiri 18 mpaka 22. Ikatenthedwa kufika cha m'ma 28 kapena 30 imathamanga, imamaliza msanga, koma imatulutsa fungo la nthochi yakupsa kwambiri ndi kaukali kena kowotcha kukhosi, kodzutsa munthu ndi mutu waching'alang'ala. Musaiwale kuti mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha, choncho m'kati mwa ndowa mumatentha kuposa m'chipindamo. Ubwino wake Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye miyezi yambiri nyengo imatikomera. Epulo, Meyi ndi Ogasiti ndi miyezi yabwino kuyambira. Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, yisiti ikhoza kugona ntchito isanathe, koma bulangeti lakale ndi katoni yoyala pansi kuti ndowa isakhudze simenti zimathetsa zimenezo. Okutobala ndiye ayi. Amene akufuna mowa wa pa Khirisimasi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri maganizo ali kumeneko, afulule chilimwe chisanafike pachimake n'kusunga mabotolo, kapena aike ndowa m'beseni la madzi, aifunditse thawulo lonyowa lomwe nsonga zake zamira m'madzimo, pamalo podutsa mphepo. Madzi akamauma pa thawulo ndowa imazizira, ndipo mpweya wouma wa mvula isanagwe umathandiza kwambiri njira imeneyi.

Pali njira inanso kwa amene nyumba zawo ndi ng'anjo. Alimi a kumadzulo kwa Norway ali ndi yisiti yawo yotchedwa kveik, yomwe imawiritsa mowa bwinobwino pa madigiri 30 mpaka 40 ndipo imamaliza m'masiku ochepa. Masiku ano imagulitsidwa youma m'timapaketi, monga ya mtundu wa Voss. Alimiwo ankaisunga poiumitsa pa nkhata zamitengo, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, zomwe ndinawauza amalume kuti adziwe kuti nzeru ya mbiya yosakwecha si ya kwathu kokha. Mukaitanitsa chitini, itanitsaninso kapaketi ka yisiti kapadera, kaya kveik kaya ina. Kobwera ndi chitini kaja kamakhala katayenda ulendo wautali, katagona padzuwa m'katundu wa basi pa mzere wa pachipata, ndipo kakhoza kufika kali kofooka. Muonenso deti kunsi kwa chitini. Chokhalitsa chimada ndipo kukoma kwake kumasintha.

Tsono inu anyamata a zotchipa. Mukawerengera chitini chochokera kunja, wokunyamulirani, ndowa, chotsekera mabotolo, zivindikiro ndi mankhwala otsukira, mowa woyambawo sungapikisane ndi Chibuku cha Scud kapena Super pa mtengo. Mabotolo amayamba kutchipa zipangizo zikagwira ntchito kangapo. Amene cholinga chake ndi kuledzera basi, chitini chimuchedwetsa. Ndipo ndikudziwa chomwe mumachita: mumathira makilogalamu atatu a shuga m'malo mwa imodzi, mwinanso n'kuwonjezera yisiti ya buledi, kuti ukhale wamphamvu. Kilogalamu iliyonse ya shuga imakwezadi mphamvu ndi pafupifupi 2 peresenti, koma shuga wa nzimbe yisiti imamudya yense osasiya kanthu, ndiye mowa umatuluka wopyapyala, wopanda thovu, wonunkha zipatso zowola. Pamenepo mwatenga chimera chabwino cha barele n'kupangira chikokeyani. Ofulula odziwa amachita mosiyana: amachepetsa shuga n'kuikamo ufa wa chimera wouma, woyenderana ndi zitinizi, kuti mowa ukhale ndi thupi.

Pokhapa ndinene mosapsatira. Zofulula kuti mumwe pakhomo ndi zina, zogulitsa ndi zina, kugulitsa mowa m'dziko lino kumafuna laisensi. Kutcheza ndiye musayerekeze, kachasu ndi woletsedwa pansi pa lamulo la Harmful Liquids Act. Ndowa yanu ndi yowiritsira mowa, ithere pomwepo.

Chinthu chimodzi chomwe ndinganene kuti musachiumire ndalama ndi hydrometer, kagalasi koyandama koyezera shuga wotsala. Tsiku lofulula kamawerenga pafupifupi 1.040. Yisiti ikamadya shuga nambala imatsika, mpaka kukaima cha pa 1.008, zomwe zikutanthauza mowa wa 4 peresenti kapena kupitirirako pang'ono. Mukayeza lero ndi mawa n'kupeza nambala yomweyo, mowa wapsa. Kulawa sikungakuuzeni zimenezi, kuwerenga masiku pa kalendala nakonso ayi. Ndipo muyeze potulutsa pang'ono pa kampopi ka m'munsi mwa ndowa, zomwe mwayezazo mumwe kapena mutaye, zisabwererenso m'ndowa. Chifukwa choyezera n'chakuti mukathira m'botolo mowa usanamalize kuwira, umakapitiriza muli motseka. Botolo lagalasi likaphulika siliphulika mwaulemu, magalasi amafika mpaka kudenga, ndipo m'nyumba zathu za chipinda chimodzi kapena ziwirizi ana amagona pafupi.

Malita 23 amadzaza mabotolo 30 a mamililita 750, makwati omwe tikuwadziwa aja. Sankhani abulauni, chifukwa kuwala kukalowa m'botolo loyera kapena lobiriwira kumawononga hops n'kutulutsa fungo loipa. M'botolo lililonse mumathira shuga wokwana magalamu 6, kasupuni ka tiyi kodzaza kamodzi, osapitirira, kuti yisiti yotsalayo ipange gasi. Amene alibe chotsekera zivindikiro agwiritse ntchito mabotolo a pulasitiki omwe munali zakumwa za gasi, otsukidwa bwino, ndipo awasunge mumdima. Amenewa ali ndi ubwino wina woti mukawafinya n'kumva alimba, mwadziwa kuti gasi wakwana. A madzi akumwa kapena a zakumwa zosungunula sanapangidwe kuti apirire mphamvu ya gasi, asiyeni.

Masabata awiri ndiwo ochepetsetsa odikira, pamalo ofunda pang'ono, mabotolo ali chiimire m'kireti yofundika. Pa mwezi umodzi umakoma kuposa pamenepo. Chikhumbo chotsegula limodzi pakangotha masiku atatu chimamugwira aliyense, ndipo chomwe mungapezemo ndi mowa wopanda gasi, wonunkha yisiti.

Musadzayembekezenso kuti poti pa chitini alemba Lager ndiye mutulutsa Zambezi kapena Castle. Lager yeniyeni imawira pozizira, cha m'ma digiri 10 mpaka 13, n'kusungidwa m'firiji masabata angapo, pomwe zitini zambiri za ongoyamba zimabwera ndi yisiti ya ale, mtundu wa mowa wowira pofunda, kuti zitheke m'chipinda wamba. Mowa wanu udzakhala ndi kafungo ka zipatso pang'ono, wosayera mbee, ndi nsenga zoyera kunsi kwa botolo. Nsengazo ndi yisiti, si zoopsa, koma zimadetsa mowa ndi kutupitsa mimba. Ndiye tsiku lotsegula botolo likhale m'firiji chiimire kuyambira dzulo lake, muthire pang'onopang'ono m'tambula kamodzi kokha osaimitsa, n'kusiya chala chimodzi pansi. Alendo athu ozolowera paketi ya Chibuku dzanja limangoyamba lokha kukhutchumula. Musawapatse botolo m'manja, athirireni nokha.